Mabatani M'thumba la Mafupa

Zinayamba m'chaka cha 1999, nyengo yothyola mphesa, mudzi wathu wonse kuno ku Romania ukununkha vinyo wosapsa, mavu ali mbwee m'mabwalo. Loweruka pa 9 Okutobala, Trofim Balaban anatsika basi yochokera ku Focșani atanyamula zikwama ziwiri. Chimodzi chinali chake. Chinacho chinali cha Gavril, mwamuna wa Profira, amene anapita naye limodzi ku Italy kukagwira ganyu m'minda ya mavwende.

Nyumba ya Profira ndi yanga zinkayang'anizana, pakati pali kamsewu chabe, choncho ndinaziona ndi maso angawa. Trofim sanalowe pageti. Anatula chikwamacho pansi navula chipewa. Profira anali akufinya mphesa, manja ali bii mpaka m'zigongono, ndipo anangoima choncho, manjawo akudontha.

Gavril anagwa m'munda pa 23 Julaye, dzuwa lili paliwombo, ndipo sanadzukenso. Analibe mapepala omuloleza kukhala m'dzikomo, anzakenso analibe, ndiye panalibe wolimba mtima woti akaime pamaso pa boma kunena kuti uyu ndi wathu. Akuluakulu a katawuni ka kumeneko anamuika m'nthaka, pa mzere wa anthu osowa abale, pafupi ndi mpanda wa manda, n'kulembapo dzina limene analipeza pa kalata ya m'thumba mwake. Katawuniko kali kumunsi kwa Lecce, kumene dziko la Italy limathera ngati chidendene cha nsapato. Kuyambira pamenepo mudzi wathu unkangoti Kuchidendene.

Profira ndinamuphunzitsa ine za mayiko ali kamtsikana. Anabadwa pa 5 Meyi 1962. Anali mwana wosalankhulalankhula, wa manja aakulu, amene ankajambula mitsinje mosamala koma mayina ake osawakumbukira. Anakwatiwa mu 1983 nakakhala pakhomo pa apongozi ake, mai Domnica, ndipo anabereka mwana mmodzi, Ilinca. Kunja kwa boma lathu la Vrancea anali asanagonepo ngakhale tsiku limodzi.

Kwathu munthu akafera kutali timaika zovala zake. Pa 16 Okutobala tinagoneka suti ya ukwati ya Gavril m'bokosi, malaya mkati, lamba m'chiuno, nsapato kumiyendo, tinalira monga timalirira munthu, n'kukwirira. Manda amenewa Profira ankawapalira ndi kuwayatsira kandulo Loweruka lililonse.

Zaka zotsatirazo mudzi unayamba kutha. Vinyo wathu analibe womugula, ndipo akazi ankachoka mmodzimmodzi kukasamala nkhalamba za eni ku Italy. Axenia, mlongo wake wa Gavril, anapita ku Torino mu 2001. Ilinca anamutsatira mu 2005 nakwatiwa komweko. Profira anatsala chifukwa miyendo ya mai Domnica inali itayamba kukana.

Kenako chinafika chaka chachisanu ndi chiwiri. Pa nthawi imeneyi timafukula wakufa, kutsuka mafupa ake ndi vinyo ndi mafuta, kuwaika m'thumba la nsalu yoyera, wansembe n'kuwapempherera pemphero lomasula. Pamenepo m'pamene timati munthu wagona. Mai Domnica anali atasoka kale thumbalo, ndi nsalu yoluka okha, ndipo anaitanitsa okumba.

Bambo wansembe anabwera kudzawaletsa. "Amayi, mukudziwa bwino kuti m'menemo mulibe munthu."

"Nanga tsiku lija munkapempherera ndani, bambo? Lubani yense uja munkafukiza suti?"

"Tinkapempherera mzimu wake."

"Ndiye mzimuwo wadikira zaka zisanu ndi ziwiri ngati anzake. Kumbani."

Anakumba Loweruka pa 22 Julaye 2006. Matabwa anali atawola, nsalu itasanduka dothi. Okumbawo anasefa ndi zala, napeza mabatani a jekete ndi chitsulo cha lamba. Mai Domnica anawatsitsa pa ngolo, anagwada pa saka, ndipo anatsuka mabataniwo m'beseni limodzilimodzi, akuwathira vinyo, akuwapukuta ngati zala za khanda. Palibe anaseka. Atatha anawayang'ana nthawi yaitali m'dzanja mwawo.

"Profira."

"Amayi."

"Awatu ndi mabatani."

"Inde, amayi."

"Mwana wanga sanasambe."

Thumbalo anakana kuti likwiriridwe. Analitengera kunyumba, mabatani ali momwemo, ndipo linkakhala pansi pa pilo wawo. Kuyambira tsiku limenelo Gavril anayamba kuwadzera m'maloto, milomo itang'ambika, akupempha madzi. M'mawa uliwonse ankamuuza mpongozi wawoyo malotowo asanamupatse n'komwe moni.

Komabe tonse tinkaganiza kuti nthawi ilipo. Manda ndi manda, munthu akagona wagona, angadikire. Ngakhale ine, amene ndinaphunzitsa za dziko la Italy zaka makumi atatu, sindinaganizepo kuti kwina manda amabwereketsa.

Tinazimva pa 16 Ogasiti 2008, pa ukwati wa mwana wa Trofim yemweyo. Mwezi umenewo onse a kunja amabwera kutchuthi, magalimoto achilendo ali ndandanda m'kamsewu. Trofim anali akupitabe Kuchidendene nyengo iliyonse ya mavwende. Atamwa kachasu wa mapulamu mokwanira, anadzakhala pa benchi pafupi ndi Profira.

"Mlongo, ndili ndi mawu andikhala pakhosi kuyambira Juni."

"Lankhulani, achimwene."

"Ndinakamuona mnzanga uja. Mzere woyandikana ndi wake kulibenso. Aufukula wonse, pali dothi latsopano."

"Aufukula ndani? Abale?"

"Abale ati? A boma. Kumeneko nthaka amakupatsa zaka khumi basi. Zikatha amamata chidziwitso pageti la manda. Wachibale akaonekera amapatsidwa mafupa ake. Popanda woonekera amawakhuthulira m'chidzenje chimodzi ndi ena onse, osadziwikanso kuti mwendo uwu ndi wa yani."

"Amafukula tsiku liti?"

"Limene malo awathera. Mwina mwezi womwewo, mwina patapita chaka. Sakuitanatu. Uyenera kukhala munthu wodutsa pagetipo."

Oimba anali akuliza zitoliro, anthu akuvina mozungulira. Profira anawerenga ndi zala pa bondo pake. Zaka khumi zinkakwana Julaye wotsatira.

Zoti tsiku lina adzapita ku Italy zinali zodziwika kale. Munda wa mphesa sunkamudyetsa, denga linkadontha, ndipo Ilinca ankamuitana mwezi ndi mwezi. Funso linali loti akakhala kuti, ndipo kwa mkazi wosamala nkhalamba funso limeneli ndi lomanga. Umagona m'nyumba ya bwana, umadzuka nkhalamba ikatsokomola, umamasuka Lamulungu lokha ndi masana a Lachinayi. Kumene wafikira ndi komweko, ngati mbuzi pa chikhomo.

Axenia anali ataukonza kale moyo wonse wa mlamu wakeyo. Anabwera kwa Profira mawa lake, ine ndili pomwepo, tsitsi lopaka lofiira, magalasi akuda ali pamutu.

"Mlamu, ntchito ndakupezerani, yoti amayi akangopuma. Mayi wamasiye wofatsa ngati nkhosa, amangoonera wailesi ya kanema. Chipinda chanuchanu, madzi otentha pampopi. Tchalitchi chathu chili komweko, Lamulungu timadzaza ngati kuno. Basi ya ku Focșani imabweretsa tchizi ndi soseji sabata iliyonse. Ilinca ali pamtunda woyenda pansi. Mukufunanso chiyani, mwamuna?"

"Mwamuna ndili naye."

"Ali kuti?"

"Mlongo wanu yemweyo mwamuiwala kumene ali?"

Axenia anavula magalasi aja pamutu. "Musandilase, mlamu. Ndinamubereka kumsana ine ameneyo inu musanamudziwe. Koma Kuchidendene kuli chiyani? Dzuwa ndi miyala. Kulibe wathu, kulibe tchalitchi chathu, malipiro ndi theka. Mukadwala adzakupatsani madzi ndani, Gavril?"

"Kuchokera ku Torino sindingamapite Lamulungu kukaona pageti?"

Axenia anaseka mpaka kutsokomola. "Aphunzitsi, tamuuzeni wophunzira wanuyu! Akuyesa ndi pa Odobești, pafupi pompano!"

Pa 3 Sepitembala Profira anabwera kwanga atanyamula ulusi. Ndinali ndi mapu akale a kusukulu, amene ndinawatola pamene ankawataya. Tinawayala pa tebulo. Anaika nsonga ya ulusi pa Torino, pafupi ndi mapiri, nautambasula kutsika nsapato yonse mpaka kuchidendene. Kenaka anauika ulusi womwewo pa dziko lathu. Unadutsa Romania yense n'kutulukira kunja.

"Pa sitima ndi ulendo wotani, aphunzitsi?"

"Kupita kokha kumadya tsiku. Lamulungu lako litha uli m'njira."

Anapinda ulusiwo pakati, nayang'ana pamene pagwera popindapo. "Apa ndi pati?"

"Cha ku Roma."

"Ku Roma kuli ana a mai Zamfira a m'mudzi muno. Nditakhala pamenepa, Lamulungu lina kwa Ilinca, Lamulungu lina kwa Gavril."

"Mwana wanga, pakatipo sukafika konse kuwiri. Ukangofika n'kukwera sitima yobwerera. Mapanga awiri avumbwitsa."

"Nanga nditani?"

Anakulunga ulusiwo pa chala mpaka chalacho chinayera.

Masabata otsatirawo ankayenda khomo ndi khomo kwa aliyense amene anakhalapo ku Italy, kufunsa za matawuni amene sankatha n'komwe kutchula mayina ake. Uyu ankatama Padova, uyo Verona, wina ankati Napoli ndi kuba kokhakokha koma anthu ake ndi a mtima ngati ife. Aliyense ankatama kumene anadya. Profira ankamvetsera zonse, kenako n'kufunsa funso lake limodzi lomwe lija, loti kuchokera kumeneko kukafika ku Lecce ndi maola angati. Anthu anayamba kumutchula kuti Mai Maola-angati. Anapempha Trofim kuti azikamuonera pagetipo, koma iyeyo ankakhalako miyezi itatu yokha ya mavwende, ndipo msana wake unali utatha, sankadziwa ngati apitanso. Ine ndinamulembera kalata yopita kwa akuluakulu a katawuniko, m'Chitaliyana changa chopunduka. Yankho silinabwere.

Mu Novembala Ilinca anaimba foni kunena kuti ali ndi pakati, mwana adzabadwa mu Epulo. Profira anathamangira kwanga akuseka ndi kulira nthawi imodzi, ndipo tsiku lomwelo anayamba kuluka timasokosi. Ankaluka atakhala pamphepete pa bedi la apongozi ake, thumba lija likusuzumira pansi pa pilo.

Chisanu chitagwa mai Domnica analeka kudya. Ndinali m'chipindamo pa 31 Januwale, masana, pamene anagwira dzanja la Profira.

"Ukandiika, uwauze asapondereze dothi kwambiri kumiyendoku."

"Chifukwa chiyani, amayi?"

"Gavril udzamugoneka pamenepo. Ndinamufunditsa ali khanda, ndidzamufunditsanso." Anapuma kaye. "Ndikudziwa kuti ndikukupempha chinthu cholemera. Mdzukulu wanga ali ndi pakati, ndamva, sindine gonthi. Koma iyeyo ali ndi mwamuna, ali ndi azakhali ake, ali ndi pakamwa poitanira. Uja alibe pakamwa."

Anamwalira Lolemba pa 2 Febuluwale 2009.

Axenia anabwera kumaliro a amayi ake. Pa chakudya cha pambuyo poika, atadya koliva, tirigu wophika wa uchi uja timagawa pa maliro, akazi anayamba nkhani za ntchito, monga amachitira akasonkhana. Panali Catinca wa m'mudzi woyandikana nafe, amene anali atangobwera kumene, ndipo Axenia anamukoka dzanja.

"Taonetsa mlamu wangayu mphatso yako ya Kuchidendene. Ndiye amene akufuna kupita kumeneko."

Catinca anapinda mkono wa juzi. Pa dzanja pake panali zipsera za mano, mzere wa pamwamba ndi wa pansi.

"Galu?" wina anafunsa.

"Galu akanakhala bwino, amatopa. Ndi nkhalamba, bambo wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi anayi, mutu unazungulira, koma mano ndi akeake onse. Amaluma, amalavula, amaponya mbale. Ine ndine wachinayi kuthawa. Ana ake akulira pa foni kuti ndiwapezere wina, ndinawauza kuti akafune kumalo osungira zimbalangondo."

Akazi anaseka, ngakhale panali pamaliro. Profira anali akutola mbale. Anaziika pansi.

"Nyumbayo ili tawuni iti?"

Catinca anatchula. Kanali katawuni komwe kaja, kumene anaikidwa Gavril.

"Kumanda n'kutali?"

"Kumanda? Ayi, umadutsa pageti pake popita kogula buledi."

"Malowo akadalipo?"

Kuseka kunatha. Axenia anamenya tebulo ndi chikhatho. "Mlamu, mwapenga? Ine ndimanena zoseka!"

"Ine ndikufunsa zoona. Catinca, ndipatse nambala."

Zimene zinatsatira ndinazimva ndili pakhonde panga, chifukwa Profira pa foni ankakuwa ngati akuitana munthu wa kutsidya kwa phiri. Axenia anali atauza kale Ilinca.

"Mwana wanga, tamva kaye... Ayi, sindinanene kuti sindikufuna... Ilinca!"

Kenako anadzakhala pa sitepe yanga, foni ili m'manja.

"Wati bwanji?"

"Wati, bambo anafa, ine ndili moyo. Wati mimba yoyamba mkazi amafuna amayi ake, osati azakhali. Wati ngati ndisankha mafupa ndikakhale ndi mafupawo." Anapukuta mphuno ndi nsonga ya mpango. "Akunena zoonatu, aphunzitsi. Palibe bodza m'mawu ake."

"Palibe."

"Ndikapita kwa iye ndidzanyamula mwana m'manja, ndidzamusambitsa monga timasambitsira, ndi timasamba tonunkhira m'madzi. Ndiye tsiku lina Trofim adzabwera n'kuvula chipewa kachiwiri. Ndidzamuuza chiyani mayi uja? Nanenso ndikadzafa adzandigoneka pambali pa mabatani?"

"Ukapita kumeneko mwina akafukula patapita chaka kapena ziwiri. Nthawi yonseyo ukhala ukulumidwa."

"Mano ndiwapirira. Koma mwanayo akadzayamba kuyenda osandidziwa?"

Masiku makumi anayi a maliro anamumanga pamudzi, ndipo anawatha ngati munthu wodwala malungo. Lero ankati Torino, n'kulongedza timasokosi pamwamba. Mawa ankati Kuchidendene, n'kumasula chikwama chonse. Anaimbira ana a nkhalamba ija kudzera mwa Catinca kuti akubwera, koma sanauze Axenia kuti mayi wofatsa uja amupatse wina. Anagulitsa nkhuku, anapereka galu kwa ine, anadulira mphesa zimene sakanazithyola. Ilinca sankayankhanso foni. Profira anaonda mpaka mphete inayamba kuvuka yokha.

Mwambo wa masiku makumi anayi tinachita Loweruka pa 14 Malichi. Axenia anabweranso, ndipo anali atasungitsa mipando iwiri pa basi ya ku Torino. Profira sanakane, sanavomere. Pamanda a mai Domnica anagwada n'kufewetsa dothi la kumiyendo ndi zala zake.

Tsiku la ulendo ndinawaperekeza ku Focșani. Kunali kamvula kozizira. Pamalo okwerera panaima mabasi awiri a ku Italy. Ina inali yodzaza, yopita kumpoto, anthu akukankhana ndi zikwama za tchizi, onse odziwana. Inayo inali yotsika mpaka kumunsi, Bari ndi Lecce, ndipo munali anthu owerengeka, amuna okhaokha a m'minda.

Axenia anakweza katundu wake, nabwerera kudzatenga chikwama cha mlamu wake. Profira sanachisiye.

"Mlamu, tiyeni. Dalaivala sadikira."

Profira anayang'ana basi iyi, anayang'ana iyo. Kenako anagwada pa simenti yonyowayo natsegula chikwama. Pamwamba panali kamtolo ka timasokosi ndi tizipewa. Pansi pake panali thumba loyera lija, ndi botolo la vinyo wa m'munda mwawo lokulungidwa m'thawulo. Anatulutsa kamtoloko nakapereka kwa Axenia ndi manja awiri.

"Mwanayo mukamusambitse ndinu. Madzi asatenthe, muyese ndi chigongono. Timasamba ndamanga m'kampango kofiirako."

"Mlamu, Ilinca sadzakukhululukirani."

"Mwina. Koma iyeyo ndidzamupeza kumene ali, ngakhale atandibisira nkhope. Uja akamukhuthula sindidzamupezanso."

Axenia anatukwana, kenako anamukumbatira mwamphamvu mpaka magalasi aja anagwa pansi. "Chitsiru cha mkazi iwe. Nkhalambayo ikakuluma nawe uilume." Anasisita thumba loyeralo kamodzi, mofulumira, ngati akuopa kuonedwa. "Ukamuuze kuti mlongo wake... Ayi, usamuuze kanthu. Ukangomusambitsa bwino."

Profira anatseka chikwama nandipatsa makiyi a nyumba.

"Aphunzitsi, pagetipo akadzamata pepala, ndidzalidziwa bwanji? Chitaliyana sindiwerenga."

"Dzina lake ndi lomwelo m'zilankhulo zonse. Uzingofuna Gavril."

Anagwedeza mutu, nanyamula chikwamacho m'chifuwa kuti botolo lisasweke, mabatani akulira m'thumba muja, ndipo anakwera basi yopanda anthu ija. Sanakhale pawindo la mbali yathu. Linali Lolemba, pa 16 Malichi 2009.